Darcy wa kwa Lukwa analibe munda

Mnzanga amene timagona naye chipinda chimodzi kuno ku yunivesite amaonera Bridgerton pafoni mpaka bando kutha. Poyamba ndinkamuseka, koma pasanathe sabata ndinali ine wopempha kuti andisamutsire. Madiresi okhwekhwereza pansi, makalata oyenda mobisa, mnyamata ndi mtsikana ongoyang'anizana chaka chonse osakhudzana ngakhale chala: nkhani zachikondi za makedzana zili ndi kakomedwe kake.

Nditawerenga Pride and Prejudice, buku la Jane Austen la mu 1813, ndinaona kuti pansi pa madansi onsewo pali nkhani ya malo. Bambo Bennet ali ndi ana aakazi asanu, ndipo akadzamwalira, nyumba ndi minda zidzapita kwa wachibale wamwamuna, Collins. Mayi awo akamathamangira kuwapezera amuna, n'chifukwa choopa kudzagona panja. Ngakhale Darcy, tisanamudziwe khalidwe, timayamba tauzidwa kuti amapeza mapaundi 10,000 pachaka.

Patchuthi ndinapita kwathu kwa Lukwa, ku Kasungu. Tikusoka fodya m'chigafa, agogo aakazi anandifunsa chimene ndimawerenga usiku wonse n'kumatha tochi. Ndinawafotokozera nkhani ya a Bennet. Anaima kusoka.

"Ndiye atsikanawo analibe munda wa amayi awo?"

"Analibe, agogo."

"Ha! Kuno wopanda munda anali agogo ako aamuna."

Tsiku limenelo ndi pamene ndinamva bwino mmene anthu awiriwa anakumanirana. Agogo aamuna anachokera ku Phalombe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, atakwera lole limodzi ndi anzawo amene kwawo malo anachepa. Inali nthawi imene maesiteti a fodya ankakula m'Kasungu, pamene General Farming ndi Press Farming anali mayina odziwika ndi mwana yemwe. Lamulo la Special Crops Act silinkalola mlimi wamba kulima fodya wa bale pamunda wake. Wofuna kulima fodya ameneyu ankakhala tenanti: mwini esiteti amakupatsa malo, mbewu, feteleza ndi chimanga cha phoso, zonse pangongole, ndipo iwe umagulitsa fodya wako kwa iye yekhayo pamtengo umene wanena. Malipiro ankabwera kamodzi pachaka, atachotsa ngongole. Chaka china unkatsala ndi kanthu, chaka china ngongole inkakumangirira nyengo ina.

Anaonana pachigayo. Koma mawu atafika kwa atsibweni awo a agogo, eni mbumba, anakana poyera. Mlomwe wosadziwika kwawo, wopanda ankhoswe pafupi, woti fodya akangopita ku okushoni akhoza kukwera lole osabweranso? Anakumbutsa kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, nanga uyu wochokera kuseri kwa Mulanje adzamugwira ndani? Agogo anadikira nyengo zitatu za fodya. Yoyamba mnyamatayo anatsala ndi ndalama ya chitenje chimodzi cha chikole. Yachiwiri matalala anaboola masamba, ngongole n'kutsala. Yachitatu ndi imene anapeza yokwerera basi kukatenga mkulu wake kuti adzaime ngati nkhoswe.

Zonse zimene timazifuna m'nkhani zachikondi za makedzana zili pamenepa: kusiyana kwa mabanja, wachibale wouma mutu, kudikira, ndi lamulo limene okondanawo sanalipange koma likuwalamulira. Chosiyana n'choti kwa Austen mkazi ndiye akusowa pogwira, pamene pachikamwini cha Achewa mwamuna ndiye mlendo, wolima munda wa eni ake. Wolemba amene angangotenga Darcy n'kumuveka kabudula wa khaki adzakhala atasemphana ndi nkhani yathu yonse.

Ndipo nkhani zoterezi sizikuthera pa matenanti. Taganizani za akazi amene amuna awo anapita ku Wenela, akudikira kalata yoti akaipereke kwa mwana wasukulu awawerengere. Mu 1974 ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown, Amalawi oposa 70 n'kufa, ndipo Kamuzu analetsa ulendo wa Wenela. Panali zibwenzi zingati zimene zinathera pa uthenga umenewo? Olemba athu sanagone pa nkhani za banja ndi chikondi, pali mabuku ngati Mkwatibwi Wokhumudwa ndi Madzi Akatayika, koma ife achinyamata tikafuna zamakedzana timathamangira ku London ya mu 1813, ngati kwathu kunalibe dzulo.

Chondiopsa n'chimodzi. Nkhani zamtunduwu zimakonda kudzoza kale mafuta. Pazithunzi, madiresi aatali a agogo athu amaoneka aulemu, koma kuyambira 1973 mkazi wovala thalauzi kapena siketi yaifupi ankaphwanya lamulo. Chigafa chimakoma pofotokoza, koma ana a matenanti ambiri anakuliramo osaponda kusukulu, ndipo utenanti unadzaletsedwa ndi lamulo mu 2021, dzanadzanali. Tikalemba mwezi ukuwala pamunda wa fodya, tisaiwale buku la ngongole la kapitawo, chifukwa ndi limene linkanena tsiku la ukwati.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 alimi wamba ataloledwa kulima bale, munthu yekhayo pamudzi pathu wodziwa fodya kuchokera ku nazale mpaka pa jeke anali tenanti uja. Nyumba yoyamba ya malata inali yake, yomangidwa pamalo a mkazi wake. Atsibweni aja atakalamba, ankadya nsima pakhonde pomwepo. Anamwalira ndili Fomu 2, ndipo sindinawafunsepo kanthu. Ndinkawaona ngati nkhalamba yokonda wailesi basi.

Ndinafunsa agogo ngati m'zaka zitatu zija sanaganizepo zololera mwamuna wina. Anaseka, n'kutola singano yawo.

"Anabwera awiri, wina wa njinga. Koma uja ankati akalandira phoso, ankapatulako kambale n'kutumiza kwa amayi anga, iye ali ndi ngongole. Tasoka, dzuwa likupita."

Tchuthi chikubwerachi ndikupita ndi kope. Chitenje cha chikole chija akadali nacho m'sutikesi, ndipo alonjeza kundionetsa.