Manja Otsutsana ndi Sikelo

Chitsulo changa cha kettlebell chimalemera makilogalamu 16, komatu manja anga amatsutsana ndi sikelo. Ndikachiponyera m'mwamba n'kufika pachifuwa, chimapepuka ngati chikho chopanda kanthu; pobwerera pakati pa miyendo, chimafuna kundipulumuka. Pansipo zala zimagwira ntchito ziwiri: kunyamula kulemera kwake, ndiponso kuchikhotetsa chisapitirire molunjika. Chikatsika chokha kuchokera pa mulingo wa phewa, mkono uli wowongoka, masamu amati chimakoka ngati makilogalamu 48.

Poopa kuchitaya, ndinkachifinya ndi chikhatho chonse, chogwirira n'kumapera khungu mpaka matuza anaphulika. Sabata yathunthu ndinkadya nsima ndi supuni, ana akundiseka. Tsopano ndimachikola ndi zala ngati mbedza, n'kumalimbitsa pansi pokha.