Kalendala ya Kapitao wa Mseu

M'zaka za m'ma 1950, pamene Chipata anali kuchedwa Fort Jameson ndipo mseu waukulu wocokera ku Lusaka unali wafumbi, kunali kapitao wina wa anyamata okonza mseu ku mapiri a pakati pa Nyimba ndi Kacholola. Munthuyu sanapite patali ndi sukulu, koma mu msasa mwace munali kalendala imene anali kuisamala koposa cikhoto cace.

Pa kalendalapo nchito iri yonse inali ndi tsiku lace. Mvula ikaleka mu Epulo, anyamata anali kukwirira maenje ndi kusalaza mseu. Mu Meyi ndi Juni anali kuchecha udzu m'mbali, kuti moto wa lupsa ungatenthe milato ya mitengo. Mu Ogasiti anali kututa miyala ndi kuiunjika pa malo oterera. Koma mwezi wa Okutobala unali wofukula ngalande ndi kutsegula mipopi yonse yopitamo madzi pansi pa mseu, mvula ya Novembala isanagwe. Nchito ikatha, kapitao anali kulemba mtanda pa tsikulo ndi pensulo.

Nchito yotere iri ndi bvuto lace: munthu akonza cinthu cimene sicinaonongeke, ndipo palibe womuyamika. Caka cina dzuwa la Okutobala linaomba koopsa, ndipo anyamata anafika pa mpopi wotsiriza atalema. Mmodzi anasuzumiramo nati, "A Kapitao, kuwala kuoneka mbali inayo. Tibvutikiranji ndi malo ouma?" Kapitao anaona thukuta lao, nawamvera cisoni. Madzulo ace analemba mtanda pa tsiku limene nchito sinagwiridwe.

Mvula yoyamba inagwa usiku. Zinyalala zinatseka mpopi uja, madzi anasefukira pamwamba, nadula mseu pakati. M'mawa malole anaima mbali zonse ziwiri, ndipo m'lole imodzi munali mai wodwala amene anali kupita naye ku cipatala. Anyamata anamuolotsa pa macila, pambuyo pace nagwira nchito masiku atatu m'matope, kukonza cimene cikadatha ndi mafosholo awiri dzuwa lisanapendeke. Palibe anamdzudzula kapitao, pakuti anthu onse anati ndi mlandu wa mvula. Iye yekha ndiye anadziwa za mtanda wabodza uja.

Kuyambira pomwepo sanalembenso mtanda asanalowetse yekha nsungwi yaitali mu mpopi uli wonse. Anyamata akadandaula anali kungoti, "Ana inu, denga tifolera mvula isanagwe." Anyamatawo sanaleke kung'ung'udza, koma anali kutola mafosholo ao.

Lero mseuwo uli ndi tara, ndipo pa Luangwa pali mlato waukulu umene unatsegulidwa mu 1968. Kalendala nayo yalowa m'kompyuta ndi m'foni, ndipo ikumbutsa yokha tsiku la nchito likafika. Komabe madzi sanasinthe khalidwe lao, ndipo makina sadziwa ngati mtanda uli woona kapena wabodza. Cimene cisunga mseu ndi munthu amene apita kukagwada pa mpopi wouma pa tsiku lolembedwa, ngakhale kumwamba kulibe kamtambo ndi kamodzi komwe.