MASIKA KU CHONGWE: NYENGO YOSUNGA NKHOPE ZA MAKOLO

Munthu wocoka mu Lusaka m'mamawa mwezi wa May, nalunjika kum'mawa pa mseu waukulu wa Great East, amafika pa boma la Chongwe atayenda makilomita ngati 45. Pa nthawi imeneyi mvula yatha, udzu wayamba kufiira, ndipo kamphepo kozizira kalikulengeza kuti cisanu cayandikira. Thambo limakhala loyera ndithu, cifukwa mvula inatsuka fumbi, ndipo utsi wa moto wa lupsa umene umabisa mapiri m'miyezi ya August ndi September sunayambe. Palibe nyengo ina pa caka yoposa imeneyi kwa munthu wofuna kujambula dziko ndi anthu ake.

Ambiri amayesa kuti cithunzi cabwino cifuna malo acilendo kapena zobvala za pa Sabata. Koma zoyenera kujambula zili pa khomo peni-peni. M'minda ya ku Kanakantapa ndi ya ku Chalimbana cimanga cauma ndipo cilikusanjidwa m'mikukwe. Ngolo za ng'ombe zilikututa dzinthu kunka ku nkhokwe. Azimai alikuthothola nshawa pa mphasa, ana alikukumba kandolo, ndipo mitu ya mpendadzuwa yawerama podikira mpeni. Cithunzi ca banja litaima pa mulu wa cimanga cake cimanena zambiri koposa ca anthu ondanda pa cipupa: cimaonetsa amene analima, cimene anakolola, ndi m'mene caka cinalili. Alimi amene anaona cilala ca 2024, pamene cimanga cinapserera m'minda ndipo Boma linalengeza kuti dziko lagwa m'tsoka, adziwa kuti nkhokwe yodzala si ya caka ciliconse.

Wofuna madzi ndi mitengo apite ku mtsinje wa Chongwe, umene unapatsa dzina boma lonse. Mtsinjewu umatsikira kum'mwera, nudutsa m'mapiri, nukathira mu Zambezi m'malire a nkhalango ya nyama ya Lower Zambezi, imene inakhazikitsidwa mu 1983. Mu May madzi akali m'madziwe, ndipo m'mawa nkhungu imayandama pamwamba pake. Pofika October mtsinje womwewo umaphwera, ndipo zaka zina anthu a pa boma amasauka madzi. Mlato wa pa mseu waukulu nawonso uli ndi mbiri yake, pakuti mu November 1979 asilikali a Rhodesia anauphulitsa pamodzi ndi milato ina, pofuna kulanga Zambia cifukwa cosunga omenyera ufulu a ku Zimbabwe. Akulu amene anamva kuphulikako akucepa caka ndi caka.

Nyumba zakale ziliponso. Ku Kasisi kuli mishoni imene Bambo Jules Torrend wa cipani ca Ajezuiti anayamba mu 1905. Ku Chalimbana sukulu la aphunzitsi linatsegulidwa mu 1939, ndipo lero ndi yunivesite. Aphunzitsi ambiri opuma pa nchito anapita m'makomo amenewo ali anyamata ndi atsikana. Nkoyenera kuti mdzukulu atengere agogo ake kumeneko ndi kuwajambula pa malo pamene anaphunzirira nchito yao.

Koma cacikulu koposa mitsinje ndi nyumba ndi nkhope za anthu. M'midzi yambiri nkhalamba ikamwalira, abale amafunafuna cithunzi coika pa maliro, napeza kokha kacithunzi ka pa citupa ca reji, kotumbuluka, kojambulidwa mwini ali mnyamata. Adzukulu obadwa m'tsogolo amangomva dzina, nkhope osaidziwa. Kale cobvuta cinali cakuti wojambula anali kubwera pa njinga kamodzi-kamodzi, ndipo filimu inali kupita ku Lusaka kukatsukidwa. Lero pafupi mudzi uliwonse uli ndi lamya ya m'manja yokhala ndi kamera, komabe acinyamata amadzijambula okha, osakumbuka ambuye ao amene ali cikhalire pa khonde. Masika ndiyo nthawi yokonza colakwa cimeneci, cifukwa abale a m'tauni amabwera kudzathandiza kukolola, ndipo banja limapezeka pamodzi.

Luso lake si lapatali. Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa litangoturuka, kapena madzulo kuyambira 16 koloko, pokumbuka kuti m'mwezi uno dzuwa limalowa 18 koloko isanakwane. Kuwala kwa nthawi zimenezi kumadza cam'mbali, kumafewetsa nkhope, ndipo udzu ndi mapesi zimaoneka ngati golide. Masana dzuwa lili paliombo limacititsa mthunzi m'maso, ndipo anthu amatsinzina. Ngati kujambula masana sikungalephereke, anthu akhale onse mu mthunzi wa mtengo wa mango, pasakhale wina m'dzuwa wina mu mthunzi. Wojambula asaike anthu pakati pa iye ndi dzuwa, pakuti kamera imatsata kuwala kwa thambo ndi kusiya nkhope zili bii. Asendere pafupi kuti nkhope zidzaze cithunzi, ndipo pojambula ana agwade kuti alingane nao. Akulu akhale pa mipando pakati, monga mwa ulemu wathu, ana pansi patsogolo pao.

Ulemu ufunikanso kunja kwa banja. Dziko la Chongwe ndi la Asoli, ndipo lili m'manja mwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, imene inalowa ufumu mu 1971. Mlendo asangofika ndi kuyamba kujambula. Ayambe waonekera kwa anyakwawa, apereke moni, anene cimene wadzera. Manda ndi malo a mizimu sajambulidwa popanda cilolezo ca eni ace, ndipo munthu aliyense, ngakhale mai wogulitsa tomato pambali pa mseu, ayenera kupemphedwa poyamba. Misasa ya asilikali ndi malo ena otetezedwa lamulo liletsa kujambula, ndipo pafupi ndi bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda, limenenso lili m'boma lomweli, ndi nzeru kufunsa olonda.

Potsiriza, cithunzi cokhala mu lamya cokha sicinasungidwe. Lamya imabedwa, imagwa m'madzi, imafa, ndipo nkhope zonse zimapita nayo. Banja likagulitsa dzinthu, lipatuleko ndalama pang'ono zotsukitsira zithunzi ziwiri kapena zitatu pa pepala. Kumbuyo kwake alembe maina a anthu, mudzi ndi caka, ndipo azisunge m'thumba la pulasitiki m'bokosi, kutali ndi cinyezi ndi ciswe. Mapiri a Chongwe amene otentha makala alikuwameta adzaoneka mwina zaka 20 zikubwerazi, ndipo nkhalamba zimene lero zilikutongola cimanga pa bwalo sizidzakhalapo zonse pa masika a caka ca mawa. Amene ali nao akulu otere pa mudzi asadikire kuti mwezi wa May uthe.