Usalitaye Pepala Lija, Mwana Wanga

Sakubva, Mutare

Wokondedwa mwana wanga,

 

Amayi ako andiuza kuti chibwerereni pepala lako kuchokera ku magazini ya malamulo ija sunalitsegulenso. Andiuzanso kuti magazini ina yakulembera imelo yokoma, yolonjeza kulisindikiza pasanathe masabata awiri ukangotumiza madola. Zinthu ziwirizi zandisowetsa tulo. Ndalemba kalatayi poyera chifukwa ana ambiri amene ndinkawaona akuwerenga mpaka usiku mu laibulale ya yunivesite momwe ndinkagwira ntchito amafikanso pamphambano yomweyi.

Kalata ya mkonzi ndaiwerenga mofatsa, ndipo sanakukane. Pepala limene mkonzi salifuna amalibweza yekha, ndi mizere yowerengeka, osalionetsa kwa munthu wina. Lako analitumiza kwa akatswiri awiri, iwo nalemba masamba a ndemanga, ndipo mawu a mkonzi ndi akuti ukonze, ulitumizenso. Ounika amenewa kawirikawiri salipidwa. Ndi aphunzitsi a m'mayunivesite ndi maloya amene ali ndi ntchito zawo zowadikira, koma anapatula nthawi kuti awerenge zolemba za munthu amene sakumudziwa. Akanaona kuti mulibe kanthu sakanadzivutitsa chonchi.

Ganizanso za kusakudziwako. Dzina lako linachotsedwa pepalalo lisanawafike, ndipo awonso mayina awo sudzawamva. Sakudziwa kuti unakulira ku Sakubva, kuti ndiwe mtsikana, kuti ulibe digiri ya udokotala. Ife a Phiri ndi a Banda a kuno takhala tikuweruzidwa tisanatsegule n'komwe pakamwa. Munthu akangomva dzina, wayamba kale kutitchula mayina onyoza aja, mabwidi ndi mabhurandaya. Apa, kamodzi kokha, anthu awiri ophunzira anaweruza maganizo ako okha basi. Zimene ananenazo zikuwawa, ndikudziwa, koma ananena za ntchito yako, ndipo ntchito imakonzeka.

Chimene chakupweteka kwambiri ndi chija wounika woyamba analemba, kuti mkwiyo wachuluka kuposa umboni. Mkwiyowo ndikuudziwa komwe unachokera, chifukwa ndi wanganso. Agogo ako anachoka ku Dedza nthawi ya Nyasaland, nagwira ntchito m'migodi ya golide ku Penhalonga, kenako panjanji pano tauniyi ikadali Umtali. Bambo ako ndi ine tinabadwira kuno, mitembo ya makolo athu ili kuno, komabe zitupa zathu zinatitchula alendo kwa zaka zambiri. Koma woweruza milandu sagamula chifukwa loya walira. Amafuna amusonyeze lamulo, chaka chake, gawo lake, ndi pamene lamulolo likumusiya munthu panja. Wounika uja wakuwerenga monga mmene woweruza adzakuwerengere, ndipo ndi bwino zimenezi uzimve tsopano, pamene ungathe kukonza.

Nkhaniyo uli nayo kale, yangobalalika m'pepalamo. Iyale motsatana. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo aliyense woganiziridwa kuti ali ndi unzika wa dziko lina anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi, mpaka Januwale 2002, kuti aukane motsatira malamulo a dziko linalo. Ofesi ya kalembera, pansi pa a Tobaiwa Mudede, inkamasulira lamuloli mokhwima, kuti ngakhale amene angathe kungopempha unzika wa makolo ake ayenera kuukana. Anthu a m'mafamu ndi m'migodi, ena osadziwa kuwerenga, anayenera kupita ku ofesi ya kazembe ku Harare kukakana dziko limene sanalipondepo. Ambiri sanathe, ndipo pachisankho cha Malichi 2002 anapezeka kuti sangavote. Mu 2003 lamulo linafewetsedwa kwa ana a anthu amene anabwera kudzagwira ntchito kuchokera m'mayiko a SADC, koma ndi angati a m'makomboni anazimva? Pamwamba pa izi, mafamu anali atayamba kulandidwa mu 2000, ndipo chintchito cha boma cha Murambatsvina mu 2005 chinagwetsa nyumba kuno ku Sakubva tikuona ndi maso athu. Anthu ankauzidwa kubwerera kumudzi, pamene ife mudzi wathu ndi komboni yomweyo.

Ndiye panabwera malamulo oyendetsera dziko a 2013, ndi gawo 43 limene pepala lako laimapo. Limati munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanalengezedwe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye ankakhala kuno pa tsiku lolengezalo, ndi mbadwa ya dziko lino. Tinasangalala. Chaka chomwecho bwalo lalikulu loona za malamulowa linagamula mlandu wa a Mutumwa Mawere, kuti mbadwa ikhoza kukhala ndi unzika wa mayiko awiri, ndipo mu 2014 linabwereza mfundo yomweyo pa mlandu wa a Farai Madzimbamuto. Milandu iwiriyi waifotokoza bwino, koma waima pomwepo, pamene funso lenileni likuyambira. Amuna awiriwa anali ndi ziphaso zakubadwa, mapasipoti ndi maloya. Nanga mayi wa ku Penhalonga amene alibe pepala lililonse losonyeza komwe anabadwira, atsimikiza bwanji kuti bambo ake anali nzika ya Malawi? Nanga ngati bambowo anamwalira dziko likadali Nyasaland, lisanalandire ufulu pa 6 Julaye 1964, anali nzika ya dziko liti m'maso mwa gawo 43? Mwana wa mayi ameneyo, wobadwa 2013 itadutsa, aimira pati ngati amayi ake sanalembedwe? Mafunso awa ndiwo pepala lako. Ali pa tsamba lakumapeto, ngati kuti unachita nawo manyazi. Abweretse kutsogolo.

Wounika wachiwiri akuti sunawerenge malamulo a ku Malawi. Akunena zoona, ndipo wakupatsa mphatso. Lamulo la unzika la ku Malawi la 1966 limapereka unzika kwa mwana wobadwira kunja ngati kholo lake ndi mbadwa ya Malawi. Ukalitsata bwino uona kuti adzukulu obadwira kuno, ngati iwe, sakulowamo mwachibadwa. Ndiye kuti mu 2001 anthu ambiri ankauzidwa kukana chinthu chimene analibe. Uonenso chimene chinasintha Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe itavomereza unzika wa mayiko awiri kumapeto kwa 2018. Werenga zimene Bronwen Manby walemba pa malamulo a unzika mu Africa, ndi mbiri ya Amalawi a m'Zimbabwe imene Anusa Daimon anafufuza. Ndaona watchula lipoti la Amnesty International la 2021 ndi chiwerengero cha UNHCR cha anthu pafupifupi 300,000 amene ali pangozi yokhala opanda dziko. Chiwerengerocho chisunge, koma unene poyera kuti ndi chongoyerekeza, chifukwa munthu wopanda chitupa savuta kumuphonya powerenga. Wounika amakhulupirira wolemba amene amanena yekha malire a umboni wake.

Pali chimodzi chimene sindikugwirizana nawo. Wachiwiri uja akufuna uchotse mawu a agogo amene unacheza nawo, ati si nkhani ya malamulo. Usachotse. Lamulo lolembedwa likupezeka pa intaneti pa ZimLII, aliyense angaliwerenge ali London kapena Pretoria. Chimene iwe uli nacho, chimene iwo alibe, ndi chilankhulo cha agogowo ndi chikhulupiriro chawo mwa iwe. Ndi iwo akusonyeza pamene lamulo likuthera ndi pamene munthu akubwezedwa pawindo. Wolemba ali ndi ufulu wokana ndemanga, bola apereke chifukwa. Lemba kalata yoyankha, mfundo ndi mfundo: apa ndakonza, onani tsamba lakuti, apa sindinasinthe, chifukwa chake ndi ichi. Ulembe mwaulemu, ngakhale pamene mtima ukutentha. Koma pamene akufunsa ngati agogowo anavomera, ndiponso ngati unalandira chilolezo cha kafukufuku, uyankhe mokwanira. Mayina awo ubise, ndi mayina a mafamu omwe. Munthu wopanda chitupa amaopa kudziwika, ndipo mantha akewo ali ndi chifukwa.

Tsopano za imelo yokoma ija. Mu 2013 mtolankhani wa za sayansi, John Bohannon, anapeka pepala lodzala ndi zolakwa zoonekeratu, nalitumiza ku magazini 304 olipiritsa. Magazini 157 analivomera. Oterowo ndiwo amalonda amene akulemberawo. Sanawerenge pepala lako, anangotola adiresi yako penapake. Kuunika kwenikweni kumatenga miyezi, chifukwa mkonzi ayenera kupeza akatswiri ovomera, iwo awerenge, iwe ukonze, iwo aonenso. Wolonjeza masabata awiri akukuuza yekha kuti palibe adzawerenge. Sindikunena kuti magazini iliyonse yolipiritsa ndi yachinyengo. Ena enieni amapempha ndalama pepala likavomerezedwa kale. Koma fufuza kaye. Akonzi ake ndi anthu odziwika a mayunivesite odziwika? Ikupezeka pa mndandanda wa DOAJ, kapena pa mndandanda wa magazini ovomerezeka umene boma la South Africa limatulutsa? Unaonapo loya kapena mphunzitsi wako akuitchula? Choopsa chachikulu n'chakuti pepala likangotuluka kumeneko lapita. Magazini yeniyeni silandira chinthu chosindikizidwa kale. Udzataya madola, udzatayanso nkhani ya agogo ako, ndipo idzagona pa intaneti pamalo pamene woweruza aliyense sadzayang'anapo.

Mnzako wophunzira ku America uja akakuuza kuti ulitumize ku magazini angapo nthawi imodzi, umumvetse. Kumeneko magazini ambiri a malamulo amayendetsedwa ndi ophunzira, ndipo amalola zimenezo. Magazini ounikidwa ndi akatswiri salola. Kutero kuli ngati kutomeretsa mwana mmodzi ku mabanja awiri: zikadziwika, onse awiri amakutaya, ndipo mbiri imakutsata. Akatswiri a malamulo a unzika m'chigawo chino ndi ochepa, moti pepala limodzi likhoza kufika m'manja mwa munthu yemweyo kawiri.

Mwina udzakonza zonse, iwo n'kukanabe. Zimachitika, ngakhale kwa mapulofesa. Zikatero, ndemanga zawo udzakhala utapita nazo, ndipo makomo ena alipo. African Human Rights Law Journal ya ku Pretoria yakhala ikutuluka kuyambira 2001, ndipo imawerengedwa ulere pa intaneti, zimene kwa ine ndi zofunika, chifukwa loya wa kuno alibe ndalama zogulira nkhani imodziimodzi. Journal of African Law ya ku yunivesite ya SOAS inayamba mu 1957. Ku Melbourne kuli Statelessness and Citizenship Review, ya nkhani ngati yako yomweyi. Pafupi pano pali University of Zimbabwe Law Journal, ndipo kwawo kwa agogo ako kuli Malawi Law Journal. Usanatumize kulikonse, werenga zimene asindikiza zaka zapitazi. Kuseri kwa Christmas Pass kuno, Africa University ndi bungwe la ARIPO amatulutsa African Journal of Intellectual Property, magazini yabwino ndithu, koma pepala la unzika lingabwerere tsiku lomwelo chifukwa si nkhani yawo. Mapepala ambiri amafa motero, pakhomo lolakwika. Tsatanso kalembedwe ka mawu a m'munsi kamene magazini iliyonse imafuna, usapitirire chiwerengero cha mawu, ndipo dzina lako ulichotse ngakhale m'kati mwa fayilo momwe kompyuta imalisunga mobisa.

Chimene ndikukakamirira ndi ichi. Kuyambira 2018 Mutare ili ndi Khoti Lalikulu lakelake. Munthu wa ku Chipinge kapena ku Honde Valley safunikanso kupita ku Harare. Tsiku lina loya wachinyamata adzaima m'khoti limeneli m'malo mwa mayi amene mwana wake akulephera kulemba mayeso chifukwa alibe chiphaso chakubadwa, kapena banja la ku Chimanimani limene mapepala ake onse anapita ndi namondwe wa Idai mu 2019. Adzafuna cholembedwa choti aike patsogolo pa woweruza, chofotokoza gawo 43 mwadongosolo, chimene akatswiri anachiyesa n'kuchivomereza. Oweruza amawerenga zolemba zotere, ndipo nthawi zina amazitchula m'zigamulo zawo. Zolembedwa pa Facebook sazitchula, ngakhale zikhale zoona chotani. Makolo athu anakumba golide wa dziko lino, anayala njanji yake, analima fodya wake, koma m'mabuku a malamulo amene amawakhudza mawu awo ndi ochepa kwambiri. Iwe ndiwe woyamba m'banja mwathu wotha kuwalowetsamo, ndipo ndikufuna alowe pakhomo limene palibe adzawatulutse.

Mkonzi wakupatsa tsiku lomaliza lotumizira. Ngati ntchito ya ku ofesi yakupanikiza, mulembere lero, upemphe nthawi yoonjezera. Akonzi amamva pempho lofika msanga. Imelo ya amalonda ija usaiyankhe. Tsegula pepalalo sabata ino, uyambe ndi lamulo la ku Malawi, ndipo kalata yoyankha ounika unditumizire ndiiwerenge isanapite. Ukafuna malo abata, bwera kuno; chipinda chako chilipo.

Ndine azakhali ako okukonda.