Njinga, miyendo ndi phiri: tsiku lomwe tinakhetsa thukuta kwa Zulu ku Mchinji

Pa Kamwendo kumacha msanga. Pomwe tinkatuluka mu resitihausi cha m'ma 5 koloko m'mawa, akabaza anali atandanda kale m'mbali mwa msewu, manja ali m'matumba, ena atavala zipewa za ubweya. Unali mwezi wa July, ndipo amene anagonako ku Mchinji nyengo imeneyi akudziwa kuti chisanu chake sichiseka ndi munthu. Ife tinalipo asanu, anyamata atatu ndi atsikana awiri, tonse ochokera ku Lilongwe, titavala makabudula ndi timalaya towala ngati ta apolisi apamsewu.

Mayi wina yemwe ankakoleza moto wa mandasi anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ana inu, kuzizira konseku muli mbulanda chonchi, kwagwanji?"

Tinawafotokozera kuti tikupalasa njinga mpaka pa boma, kenako tithamanga kulowera kumalire, pomaliza tikwera phiri, zonse tsiku lomwelo. Anafunsa kuti atilipira zingati. Titayankha kuti ndalama zake si zathu, anapukusa mutu, natipatsa mandasi awiri aulere. Chimenecho ndicho chinali chopereka choyamba cha tsikulo.

Zinayamba bwanji

Mnzanga wina yemwe ndinaphunzira naye ku yunivesite kwawo ndi kwa Inkosi Zulu. Kumudzi kwawoko kuli gulu la achinyamata lomwe limabwereketsa njinga kwa ophunzira a sekondale yoyendera omwe amakhala kutali ndi sukulu. Wophunzira amatenga njinga teremu ikayamba, n'kudzaibweza potsekera. Vuto linali loti njinga zambiri zinali zitakhala pansi: ina yopanda tayala, ina tcheni chinaduka, ina mabuleki anatha kalekale.

Mnzangayo anayesa kaye njira yomwe tonse timaidziwa, yolemba pa WhatsApp kuti "abale thandizani". Anthu anamuyankha ndi tizithunzi ta manja opemphera basi. Sindikuwanena. Foni ya munthu wogwira ntchito m'tauni imalandira mapempho angati pa sabata? Maliro, chinkhoswe, wodwala, lendi. Anthu atopa, ndipo ena anapusitsidwapo.

Ndiye tinati tisinthe. M'malo mopempha chimanjamanja, tiyikepo matupi athu. Aliyense wofuna kuthandiza alonjeze ndalama pa kilomita iliyonse yomwe timalize. Tikalephera panjira, nayenso apereke zochepa.

Nzeruyi si yathu. Mu 2019, Martin Hobbs wa ku South Africa anasambira Nyanja ya Malawi m'litali mwake, kuchokera kumpoto mpaka kumwera, kwa masiku 54, pofuna kupezera ndalama bungwe la Smile Foundation lomwe limathandiza ana ofunika maopaleshoni a nkhope. Kunjaku kulinso mpikisano wotchedwa triathlon, wophatikiza kusambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga. Pa masewero a Olympics, pomwe unalowa mu 2000 ku Sydney, amasambira kilomita imodzi ndi theka, kupalasa makilomita 40, n'kuthamanga makilomita 10. Ife ku Mchinji tinalibe nyanja, ndipo kunena zoona atatu mwa ife sitidziwa n'komwe kusambira. Koma mapiri alipo. Tinakumbukira anyamata ndi atsikana a ku Mulanje omwe chaka ndi chaka amathamanga m'phiri pa Porters Race, tinati nafenso mbali yachitatu ikhale phiri.

Gawo loyamba: njinga

Kuchokera ku Lilongwe kufika pa boma la Mchinji ndi makilomita pafupifupi 110 pa msewu wa M12, kudutsa pa Msundwe, Namitete, Waliranji ndi Kamwendo. Ife tinasankha chigawo chomaliza chokha, makilomita pafupifupi 20 ochokera pa Kamwendo. Papepala zinkaoneka zophweka.

Pa minibasi dera limeneli limangodutsa pawindo ngati filimu. Pa njinga umaliona bwinobwino. Minda inali itakololedwa, mapesi ali mbwee, ndipo m'makomo ambiri munali mtedza woyanikidwa pamphasa. Mchinji ndi nkhokwe: mtedza, soya, chimanga, fodya, zonse zimachoka kuno. M'mbali mwa msewu mavenda anali atapachika kale masikelo awo. Tinkapishana ndi ngolo za ng'ombe, amayi osenza nkhuni, ndi njinga zonyamula matumba mpaka wopalasayo osaoneka.

Tisanafike ndi theka lomwe, tayala langa lakumbuyo linaphwa. Pampu tinali nayo, koma zomatira tinaiwala ku Lilongwe, ngakhale tinakhala milungu isanu ndi umodzi tikukonzekera. Anatipulumutsa ndi bambo wina wa kabaza yemwe ankabwera kumbuyo kwathu atanyamula thumba la chimanga. Anaima, anatulutsa kachikwama pansi pa chishalo, ndipo pasanathe mphindi 10 tayala linali bwino.

"Achimwene, mukupita kuti ndi njinga yopepuka chonchi?"

"Pa boma, bambo. Tikuchita masewero ofuna kupeza ndalama."

"Pa boma pokhapa?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Ine pofika masana ndikhala nditapita n'kubwera."

Anakana ndalama yomwe tinamupatsa. Atamva kuti nkhani yake ndi ya njinga za ana asukulu, anangoti: "Mukagule zolimba, za kariyala. Izi zanuzi kumudzi sizingathe teremu." Kenako anakwera, thumba lili pambuyo, ndipo pa chitunda chotsatira anatisiya tonse asanu.

Pa boma

Tinafika pa boma dzuwa litakwera pang'ono, miyendo ikunjenjemera. Apa m'pomwe achinyamata a gulu lija ankatidikira ndi chigubu cha thobwa ndi nthochi.

Tauni ya Mchinji ili m'munsi mwa mapiri, ndipo ili ndi mbiri yomwe ambiri timangoidutsa. Kale inkatchedwa Fort Manning. Linali linga la asilikali a Britain lomwe linamangidwa pa nthawi ya nkhondo yawo ndi Angoni a Mpezeni, omwe anagonjetsedwa mu 1898. Angoniwa anachokera kumwera kwa Africa motsogozedwa ndi Zwangendaba, ndipo anawoloka Zambezi mu 1835, tsiku lomwe kunachita kadamsana. Atsamunda atalemba malire, anthu amodzi anapezeka m'maiko awiri: Mpezeni mbali ya Chipata ku Zambia, mafumu ngati Zulu ndi Mlonyeni mbali ya kuno. Mpaka lero, February akafika, anthu a kuno amawoloka kukakhala nawo pa mwambo wa Ncwala ku Mtenguleni, ndipo sapita ngati alendo.

Boma lomweli ndi komwe ndondomeko ya Mtukula Pakhomo inayambira mu 2006 isanafalikire m'dziko lonse. Kunonso n'komwe kuli malo osamalira ana a Home of Hope, omwe dziko lonse lapansi linawamva chaka chomwecho Madonna atatengako David Banda. Ndiye nkhani yothandiza ana kuno si yachilendo. Anthu aona alendo ambiri obwera ndi makamera, ndipo amadziwa kusiyanitsa wobwera kudzajambula ndi wobwera kudzagwira ntchito. Wapampando wa gulu lija, mtsikana wa msinkhu wathu womwewu, anatiuza mosapita m'mbali kuti zithunzi za ophunzira ake tisaziike pa Facebook popanda iwo eni ndi makolo awo kuvomera. Tinamvera.

Gawo lachiwiri: miyendo

Kuchokera pa boma kufika pachipata cha Mwami ndi makilomita pafupifupi 12. Ife tinapangana kuthamanga 10.

Amene sanayesepo kuthamanga atangotsika panjinga asamanene zambiri. Miyendo imakhala ngati wabwereka kwa munthu wina. Makilomita awiri oyamba ndinkangoona ngati ndikuponda pa matiresi. Mathiraki opita ku Zambia ankatidutsa ndi chimphepo chawo, madalaivala ena akuimba hutala, ena akutiloza ngati amisala. Msewu umenewu ndi wotanganidwa, makamaka chitsegulireni chipata chatsopano mu December 2022, chomwe anthu ndi katundu amaonetsa zikalata pamalo amodzi m'malo mwa awiri. Njanji yochokera ku Lilongwe nayo imadutsa dera lomweli, ndipo inalumikizidwa mpaka ku Chipata mu 2010.

Ana a m'midzi ya m'mbali mwa msewu anayamba kutitsatira, opanda nsapato, akuseka. Amathamanga nafe kamtunda, n'kubwerera, ena n'kulowa m'malo. Pa kilomita yachisanu ndi chiwiri mnzathu mmodzi minofu ya katumba inakokana, anakhala pansi m'mbali mwa msewu akulira ngati mwana. Tinakangana pang'ono. Wina ankati tiyitane njinga yamoto, wina ankati tikatero anthu atiyesa akuba. Mwini wakeyo anadzuka yekha, nati ayenda wapansi. Makilomita atatu omaliza tinayenda naye, ndipo madzulo ake tinalemba zoona zokhazokha kwa onse omwe analonjeza: tathamanga 7, tayenda 3. Palibe anadandaula. Mmodzi anawonjezera ndalama.

Gawo lachitatu: phiri

Phirilo tinakwera masana, motsogozedwa ndi mnyamata wa m'mudzi wa m'munsi mwake, titapempha kaye chilolezo kwa amfumu. Ophunzira atatu mwa omwe amabwereka njinga anabwera nafe. Mmodzi anali mtsikana wa Fomu 3, atavala masilipasi ndi chitenje. Ine ndinali ndi nsapato zomwe ndinagula pa kaunjika mtengo woti mayi anga sindinawauze.

Njira inali yoterera ndi udzu wouma, miyala ikugubuduka. Ine ndinkapuma pafupipafupi, ndikunamizira kujambula. Mtsikanayo ankandidikira pamwamba pa mwala uliwonse, osatuluka ndi thukuta lomwe.

"Achimwene, mwatopa?"

"Pang'ono. Iwe sutopa?"

"Apa m'pafupi."

Tikuyenda anandiuza za ulendo wake wa kusukulu. Njinga ikakhala kuti yawonongeka, amadzuka kusanache, n'kuyenda maola awiri. Pobwerera maola awiri enanso, kenako kutunga madzi, kuphika, ndiye kuwerenga ngati maso akulola. Nthawi ya dzinja amafika atanyowa, phunziro loyamba litatha. Anzake ena anachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira okha, koma kumeneko kulibe wowayang'anira. Ndipo panjira pamakhala abambo a njinga zamoto omwe amaima n'kunena kuti "kwera ndikakutule". Anandiyang'ana n'kunena kuti: "Ulendo umenewo sukhala waulere." Mwa atsikana omwe anayamba nawo Fomu 1 kuchokera kumudzi kwawo, awiri ali pabanja.

Ndinawerengera chamumtima. Zomwe ife tinazikonzekera milungu isanu ndi umodzi, kuzilengeza pa intaneti ndi kuzitcha dzina lachingerezi, mwanayu amazichita Lolemba mpaka Lachisanu, popanda womuombera m'manja. Ndinachita manyazi, ndipo sindinapumenso mpaka pamwamba.

Pamwambapo mphepo inali yozizira. Kum'mawa kunali chigwa cha Mchinji, midzi ndi madambo mpaka komwe maso alekezera. M'mapiri amenewa ndi momwe mumachokera mtsinje wa Bua, womwe umakathira m'nyanja ku Nkhotakota. Kumadzulo kunali Zambia, koma palibe akanatha kuloza kuti malire ali apa. Minda yake yofanana, madenga ake ofanana. Foni yanga inalira, uthenga wondilandira ku Zambia, ndili chiimire m'Malawi.

Nanga ndalama?

Apa m'pomwe zinthu zambiri zotere zimafera, ndiye tinene. Ndalama sizinadutse m'manja mwathu. Zinkapita pa Airtel Money ndi Mpamba ya msungichuma wa gululo, ndipo madzulo alionse tinkatumiza mndandanda wa zomwe zalowa kwa onse omwe analonjeza. Pogula zinthu, malisiti tinawajambula n'kuwatumizanso.

Sikuti zonse zinayenda bwino. Anthu ena omwe analonjeza mokweza kwambiri mpaka lero foni sayankha. Ulendo wathu womwe unadya ndalama: minibasi, malo ogona, chakudya. Izi tinalipira tokha m'matumba mwathu, ndipo wina akhoza kufunsa kuti bwanji osangopereka ndalama zimenezo n'kukhala kunyumba. Funso limeneli ndi labwino. Yankho langa ndi loti tinayesa kupempha titakhala kunyumba, sizinatheke. Anthu anapereka chifukwa anaona kuti nafenso zikutipweteka.

Tinkafuna njinga 10 zatsopano. Tinakwanitsa zinayi, zolimba, za kariyala, monga anatilangizira bambo a kabaza aja. Zotsalazo zinakonzetsa njinga zisanu ndi imodzi zomwe zinali pansi, ndipo wokonza wake ndi wa m'mudzi momwemo.

Ngati inu ndi anzanu mukuganiza zochita zotere kwanu, yambani ndi kufunsa eni dera chomwe akufuna, musawaganizire. Kaonekereni kwa amfumu. Yesezani kuthamanga mutangotsika panjinga, musadzazione koyamba tsiku lomwelo. Nyamukani m'mamawa, yendani moyang'anizana ndi magalimoto pothamanga, ndipo tengani madzi okwanira. Zomatira tayala musaiwale.

Lolemba lotsatira ndinali mu ofesi ku Lilongwe, ndikutsika masitepe chammbali ngati nkhanu. Patapita milungu ingapo, sukulu zitatsegulira, wapampando uja ananditumizira uthenga cha m'ma 7 koloko m'mawa. Unalibe chithunzi. Unangoti mtsikana wa masilipasi uja, yemwe tsopano ali Fomu 4, wafika belu lisanalire.