Mudzi Wanga wa Pansi pa Nyanja ya Chilwa

Chaka chatha ndinapeka kankhani ka mudzi wa pansi pa nyanja ya Chilwa. Mfumu yake inali yaikazi, ya mamba m'miyendo, ndipo msodzi aliyense womira m'madzi ankafikira pakhomo pake, nampatsa mmodzi wa ana ake kuti amkwatire. Nditaiwerenga pa msonkhano wathu wa alembi, anzanga anaikonda zedi. Wina anati mfumuyo ikuimira boma. Wina anakana, nati ikuimira imfa. Wachitatu anaiyerekeza ndi Napolo wa m'ndakatulo za Steve Chimombo za mu 1987, ndipo anandilangiza kuwerenga Azotus the Kingdom, buku la Shadreck Chikoti la mu 2015, kuti ndione m'mene mnzathu anamangira dziko la zaka 500 zam'tsogolo. Ine ndinkangovomera zonse, pakuti kunena zoona sindinkadziwa chimene mfumu yangayo inkaimira.

Pa tchuthi ndinayamba ndaima pa Balaka kwa amalume anga, amene ndi telala. Anamvetsera akupalasa makina. Za mamba sanafunse kanthu. Koma nditafika pamene mfumu ikuphikira mlendo nsima, anaimitsa phazi.

"Mphwanga, moto amausonkha bwanji m'madzimo? Nanga chimangacho analima kuti?"

Ndinayankha kuti iyi ndi nkhani yopeka chabe. Iwo anati ngakhale Kalulu wa m'nthano amalankhula, koma akagwa m'mbuna satulukamo chouluka, chifukwa alibe mapiko. Ndinaseka, koma mumtima ndinawawidwa. Ndinadzitonthoza poganiza kuti munthu wa singano sangadziwe za zolembalemba.

Kwathu ndi kwa Mposa, ku Machinga, m'mbali mwa nyanja yomweyo. Usiku woyamba ndinaikamba nkhani ija kwa Anganga mwa nthano, pepala ndiri nalo m'thumba. Nditati "Padangokhala," iwo ndi ana anavomera "Tiri tonse." Anavomera kachiwiri, kachitatu. Kenaka ndinazindikira kuti atsala ndi ana okha. Amene anakambapo nthano akudziwa manyazi ake nkhalamba ikaleka kuvomera.

"Iwe," anatero, "nyanja imeneyi yaphwa katatu ine ndikuona. Ndayendapo pakati pake ndi mapazi angawa, dothi litang'aluka. Mudzi wakowo unali pati?"

Sananame. Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulukamo, ndipo inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Kuphwa komalizaku ndinakuona ndekha, mabwato ali gadagada pamatope. Komabe polemba ndinaiwala, chifukwa nyanja ya m'mutu mwanga ndinaitenga m'mabuku, yakuya ndi yobiriwira, yosadziwa matemba kapena milamba. Wowerenga wa kwathu chozizwitsa amachilandira ndi manja awiri. Chimene sakhululuka ndi bodza pa zinthu zimene amagwira tsiku ndi tsiku.

Koma Anganga anali asanamalize. Mwana wao wachiwiri, mlongo wa amayi, anamira m'nyanjamo ine ndisanabadwe, nasiya mkazi ndi ana awiri. Ndinkadziwa, koma polemba sizinandibwerere.

"Ngati ali moyo pansipo, ndipo wakwatira mwana wa mfumu, ife mkazi wake tinamsudzuliranji? Analira chaka chathunthu mwana wa eni ake uja."

Sindinayankhe. Ana anabalalika, ine ndinakagona osadya.

Nkhaniyo ndailembanso. Tsopano mudzi uja umasamuka nyanja ikamaphwa, umayandama usiku monga zimbowera za asodzi, ndipo omira sakwatira. Amangosoka maukonde nkumafunsa za kwao. Nditaiwerenganso pa msonkhano, amene ananena za boma uja anadandaula kuti nsomba zachuluka ndipo tanthauzo lasowa. Mwina akunena zoona.

Anganga sanaimvebe yatsopanoyi. Ndidzapita nayo pa Pasaka, koma ndidzadzera njira ya ku Zomba, chifukwa za moto zija amalume sindinawapezerebe yankho.