Kalata kwa mwana wopita kukaphunzira chemistry ku Zomba

Likhubula, Mulanje

Mwana wathu wokondedwa,

Pulofesa Samson Sajidu wa ku Yunivesite ya Malawi ndi katswiri wa chemistry, ndipo ntchito yake yambiri ndi ya zinthu zopanda moyo: miyala, dongo, zitsulo ndi madzi akumwa. Anaphunzirapo ku Cambridge, ku England, koma PhD yake anaimaliza kuno kwathu mu 2008, mothandizana ndi akatswiri a ku Uppsala, ku Sweden. Anaimalizira ku Zomba, komwe mwana wa m'nyumba ino akupita, komwenso msuweni wake anapita zaka ziwiri zapitazo. Msuweniyo ndi amene anaimba foni pakati pausiku mwezi watha, lilime lili lolemera ndi mowa wa ku Chikanda, kunena kuti wawidedwa.

Kafukufuku wa PhD uja anali wa madzi oipitsidwa ndi zitsulo monga mtovu, mkuwa ndi mercury. Sajidu ndi anzake anatenga dongo la ku Tundulu, m'boma la Phalombe, lomwe kale linali mbali ya Mulanje, ndipo mu 2006 analemba mu magazini ya sayansi ya Water SA kuti dongolo limachotsa zitsulozo m'madzi. Zina zimamatirira pa timibulu ta dongo, zina zimakhazikika pansi chifukwa dongolo limachepetsa asidi. Anayesanso ufa wa njere za chamwamba, nawo unagwira mtovu. Ntchito yotere ndi yoyeza botolo limodzi kambirimbiri, ndipo munthu wa matsire sangaithe. Msuweni uja nzeru anali nazo, kuposa mwana uyu mwina, koma Lolemba m'mawa sankaoneka mu labu.

Kenaka panabwera nkhani ya fluoride. Madzi a m'mijigo ina, monga ya ku Machinga, ali ndi fluoride wopitirira mamiligalamu 1.5 pa lita, womwe ndi malire a bungwe la WHO, ndipo ana okulira pa madzi amenewo mano awo amachita mawanga ofiirira. Mu 2012 gulu la Sajidu linasonyeza kuti bauxite wosayenga, wongopera, amachotsa fluoride m'madzi, poti fluoride amakakamira pa aluminiyamu wa mu mwalawo. Bauxite wa dziko lino ali pamwamba pa phiri la Mulanje, ku Lichenya. Bambo ake a mwanayu, ali mnyamata, ankaponda dothi lofiira limenelo atasenza katundu wa azungu okwera phiri, osadziwa kanthu za ilo, pakuti sukulu inawathera mu Fomu 2 fizi itasowa. Mpaka lero zimawawawa.

Polytechnic ndi makoleji a zaumoyo atapatuka mu 2021 n'kukhala MUBAS ndi KUHeS, Sajidu anadzakhala Vice Chancellor wa Yunivesite ya Malawi.

Ndalama za loni ndi zodyera ndi zolipira chipinda, osati zobetcha pa foni. Kutchalitchi azipita. Neti ili pansi pa chikwama, aziimanga. Kuno mbuzi yaswa awiri, nanazi wagulidwa yense, agogo mwendo ukadali wotupa, ndipo mlongo wake wayamba Sitandade 8.

Koma azakhali ake, mayi a msuweni uja, salowanso kumsika wa Chitakale masana, kuopa kufunsidwa za mwana wawo. Anagulitsa njinga ndi malata kuti iye apite ku Zomba, lero ali m'nyumba chitsekere. Mayi ake a mwana uyu chiimbire foni ija sagona bwino. Sakufuna kuti akhale pulofesa, ngakhale atatero angavine mpaka ku Boma. Akungopempha kuti anzake akamuitana Lachisanu madzulo akane, amuseke ngati n'kumuseka. Akalephera mayeso, anene msanga, asabise mpaka chaka kutha ngati msuweni uja. Aziimba Lamlungu lililonse, kunja kukuwala, ngakhale kungoflasha, iwo adzaimba okha. Chonde, mwanawe, chonde.

Bambo ndi mayi ako